SHIRE WASWA MABANKI: LIU LIMODZI, MATANTHAUZO AMBIRI

Tiyeni tiyambe ndi fanizo. Ndi madzulo a mwezi wa Januwale m'mudzi wina wa kwa Lundu, m'boma la Chikwawa. Mvula yakhala ikugwa masiku atatu osalekeza kumapiri a kumtunda, ndipo achule akulira ponseponse. Nkhalamba ina yakhala pakhonde pamodzi ndi mdzukulu wake wa Sitandade 7, wailesi ili pakati pao. Nthawi ya nkhani za m'Chingerezi yakwana, ndipo monga mwa masiku onse mnyamatayo ndiye womasulira. Posachedwa akudzidzimuka.

“Agogo, zinthu zavuta. Akuti Shire waswa mabanki.”

“Mabanki ati, mwana iwe?”

“Sananene, agogo, koma ndamva bwinobwino. Kapena ndi a ku Nchalo.”

Nkhalambayo mtima wapita ku ndalama zake za thonje zimene inakasunga ku banki mwezi wa Julaye. Usiku wonse tulo palibe, ikuwerenga m'mutu feteleza, fizi ya ana ndi malata amene inafuna kugula. Koma chimene woulutsa mau ananena ndi ichi: “The Shire has burst its banks.” Tanthauzo lake n'lakuti mtsinje wadzaza, madzi apyola m'magombe ndipo akulowa m'minda ndi m'midzi. Ndalama za agogo zinali pabwino, m'nyumba youma. Zimene zinali pangozi ndi mbuzi za m'khola, mapira a m'nkhokwe ndi ana ogona pamphasa. Chofunika usiku umenewo chinali kumasula ziweto ndi kuthawira kumtunda.

Mnyamatayo sananame, ndiponso makutu ake anamva bwino. Cholakwa chake chinali chimodzi: anadziwa tanthauzo limodzi lokha la liu limene lili ndi matanthauzo ambiri. Cholakwa chimenechi chimachitika tsiku ndi tsiku m'makalasi, m'maofesi ndi m'nyumba zathu. Motero mwezi uno tifuna kutenga liu limodzi la Chingerezi, lakuti “bank”, tilitembenuze mbali zonse monga mmene mai amatembenuzira mbatata pamoto, kuti makolo ndi achinyamata aone mmene mau amayendera.

TANTHAUZO LOYAMBA: GOMBE

Ambiri a ife tikamva “bank” timaona nyumba ya magalasi ndi mzere wa anthu pakhomo. Koma m'Chingerezi tanthauzo lakale koposa ndi la nthaka yokwera m'mphepete mwa madzi, chimene ife timati gombe. Liuli linalowa m'Chingerezi zaka zoposa 800 zapitazo, kuchokera kwa anthu a kumpoto kwa Ulaya, a ku Norway ndi Denmark, amene makolo ao anaoloka nyanja ndi kukhazikika ku England. Kwa iwo linkatanthauza chitunda, mtumbira kapena malo otsetsereka.

Anthu a m'chigwa cha Shire amalitchula liu limeneli m'tanthauzo ili kawirikawiri, ena osazindikira. Munthu akati “ndikupita ku East Bank”, palibe amene amaganiza kuti akukatapa ndalama. Tonse timadziwa kuti akupita kutsidya la kum'mawa kwa Shire, kudera lotsamira mapiri a Thyolo, kumene kuli Thabwa, kwa Makhuwira, Masenjere, Muona ndi Makhanga. Tsidya lino la kumadzulo, kumene kuli boma la Chikwawa, kwa Lundu, Nchalo, Ngabu, Bangula ndi boma la Nsanje, ndilo “West Bank”. Dzina lomweli mumalimvanso pa nkhani za kunja. Kumeneko limanena dera la kumadzulo kwa mtsinje wa Yordano, kumene kuli Betelehemu, Yeriko ndi Hebroni. Mwana amene wamvetsa chifukwa chake kwa Makhuwira kumatchedwa East Bank sadzavutika kumvetsa dzina la dera lakutali limenelo.

Mabuku a za malo amanenanso za “left bank” ndi “right bank”, gombe la kumanzere ndi la kumanja. Lamulo lake n'lakuti munthu ayang'ane kumene madzi akupita. Shire amachoka m'nyanja ya Malawi ndi kuyenda makilomita pafupifupi 400 kulowera kumwera mpaka kukathira mu Zambezi. Tsono ukayang'ana kumwera, East Bank ili kudzanja lamanzere, ndipo kwa Lundu kuli kudzanja lamanja.

Pali chinanso chokondweretsa. Anthu ena amati dzina lakuti Shire linachokera ku liu la Chimang'anja lakuti “chiri”, kutanthauza gombe lalitali logumuka ngati phompho. Alendo oyamba a ku Ulaya anamva liu lonena gombe, iwo n'kuyesa kuti ndilo dzina la mtsinje wonse. Ngati ndi choncho, ndiye kuti kusamvana kwa mau pa magombe a mtsinje umenewu sikunayambe ndi mnyamata wa m'fanizo lathu.

Kuchokera ku tanthauzo la chitunda kunabadwa mau ena. Mulu wa mchenga wobisika m'madzi osaya amautcha “sandbank”. David Livingstone, amene anakwera Shire koyamba mu Januwale 1859, anazunzika nayo milu imeneyi, pakuti sitima zake za pamadzi zinkatitimira pamchenga kawirikawiri. Chitunda chomangidwa ndi anthu kuti padutse njanji kapena mseu, kapenanso kuti chitchinge madzi, amachitcha “embankment”, ndipo mukayang'anitsitsa muona “bank” ali pakati pa liulo. Chitunda chotere n'chimene madzi anakokolola mu 1997 pa Mtayamoyo, pakati pa Bangula ndi Chiromo, kotero kuti njanji inaduka ndipo anthu anayamba kuoloka pa mabwato. Ngakhale mitambo yakuda younjikana kumapiri, Mngerezi amaitcha “a bank of clouds”, chifukwa imaoneka ngati chitunda m'mlengalenga.

TANTHAUZO LACHIWIRI: GOME LA WOSINTHA NDALAMA

Nanga ndalama zinalowamo bwanji? Apa tiyenera kupita ku Italy, zaka 600 kapena 700 zapitazo. Mizinda monga Venice, Genoa ndi Florence inali misika yaikulu kumene amalonda a maiko osiyanasiyana ankakumana, aliyense ndi ndalama za kwao. Panafunika anthu osintha ndalamazo. Anthu amenewa ankakhala pamsika ndi gome lalitali kapena benchi, ndipo m'Chitaliyana gomelo linkatchedwa “banca” kapena “banco”. Pang'ono ndi pang'ono amalonda anayamba kusiya ndalama zao kwa mwini gome kuti awasungire, iye nayamba kukongoza ena. Ntchito inakula, inachoka pabwalo n'kulowa m'nyumba, koma dzina la gome silinachoke. Kudzera m'Chifalansa liuli linafika m'Chingerezi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1400. Banki ya Monte dei Paschi ya mumzinda wa Siena, imene chiyambi chake ndi chaka cha 1472, ikugwirabe ntchito mpaka lero.

Akatswiri a zinenero amati “bank” wa gombe, “bank” wa ndalama ndi “bench” onse anaphuka pa muzu umodzi wakalekale, wonena chinthu chokwera pang'ono chimene pamwamba pake n'posalala. Choncho benchi imene mumakhalapo m'tchalitchi kapena m'kalasi ndi banki imene mumasungako ndalama ndi pachibale, ana a mbumba imodzi amene anasiyana njira. Abale athu a ku Mozambique, amene timagulana nao malonda ku Marka ndi m'malire monse, amachiona chibale chimenechi poyera, pakuti m'Chipwitikizi “banco” ndi mpando wautali komanso nyumba ya ndalama.

Mwini gome akalephera kubweza ndalama za anthu, Ataliyana ankati “banca rotta”, gome lathyoka. Ena amasimba kuti gome la munthu wotero ankalithyoladi pamaso pa anthu. Kaya ankatero kaya ai, kuchokera pamenepo Chingerezi chinapeza liu lakuti “bankrupt”, lonena munthu kapena kampani imene ngongole zaiposa mphamvu.

Owerenga Mau a Mulungu adzakondwa kudziwa kuti Chigriki chinayenda njira yomweyo. Pa Mateyu 21:12, pamene pakunenedwa za magome a osintha ndalama m'Kachisi, liu la Chigriki la gome ndi “trapeza”. Pa Luka 19:23, m'fanizo la kapolo amene anakulunga ndalama ya mbuye wake m'kansalu, malo amene akanaiika kuti ipindule akutchedwa ndi liu lomwelo, ndipo Baibulo la Chingerezi la 1611 linamasulira kuti “bank”. Mpaka lero ku Greece banki amaitcha “trapeza”.

Kwa nthawi yaitali mabanki anali a anthu olemera okha. Amene anathandiza kutsegulira khomo amphawi anali mbusa wa Mpingo wa Scotland, Henry Duncan, wa m'mudzi wa Ruthwell. Iye anaona kuti mabanki a masiku amenewo ankafuna mapaundi 10 kuti munthu atsegule buku, ndalama imene mlimi wamba sakanaipeza. Motero mu 1810 anayambitsa banki yosungirako ndalama ya anthu a mu mpingo wake, kumene munthu ankaloledwa kuyamba ndi sikisipensi yokha. Nzeru imeneyi inafalikira m'maiko ambiri.

MMENE BANKI INAFIKIRA KWATHU

M'dziko muno ntchito ya banki inayamba ndi kampani ya African Lakes, imene tonse timaidziwa ndi dzina lakuti Mandala. Kampaniyi inayambitsidwa ku Scotland mu 1878, ndipo katundu wake ankadzera pa Shire yemweyu asanakwere mapiri kupita ku Blantyre. Mu 1894 inatsegula nthambi yosunga ndi kukongoza ndalama. Standard Bank inafika ku Blantyre mu 1901. Dziko litalandira ufulu, Reserve Bank of Malawi inayamba ntchito mu 1965, ndipo mu 1971, chaka chimene kwacha ndi tambala zinalowa m'malo mwa mapaundi ndi mashiling'i, National Bank of Malawi inakhazikitsidwa. Achikulire ambiri amakumbukiranso kabuku ka ku positi ofesi, kamene kanali banki yoyamba ya aphunzitsi, alimi ndi obwera ku Joni. Kuno ku chigwa, minda ya nzimbe ya ku Nchalo, imene inayamba m'zaka za m'ma 1960, inabweretsa malipiro a pamwezi kwa anthu zikwizikwi, ndipo kumene kuli malipiro mabanki satalikira.

Tsono taonani chimene chinachitika ndi liu. Chichewa chinabwereka “bank” ndi kumuveka zovala zakwathu, nakhala “banki”, ambiri “mabanki”. Koma chinabwereka tanthauzo limodzi lokha, la ndalama. Chifukwa chake n'chosavuta. Makolo athu sanasowe liu la m'mphepete mwa mtsinje. Anali ndi gombe, tsidya, dooko, chiri, dimba ndi dambo, lililonse ndi ntchito yake. Chimene analibe ndi nyumba yosungitsa ndalama, pakuti chuma chao chinali m'nkhokwe ndi m'khola. Munthu amabwereka chimene alibe. Pamenepa ndi pamene pagona msampha wa mwana wa sukulu. Iye akakumana ndi “bank” m'buku, khutu lake limamva “banki” wa Chichewa, amene ali ndi tanthauzo limodzi, osadziwa kuti kwao kumene anachokera mlendoyu ali ndi maina ambiri.

Komabe liu likakhazikika pamudzi limayamba kubala ana. Lero pafupifupi m'mudzi uliwonse wa kwa Lundu, kwa Ngabu kapena kwa Tengani muli banki m'khonde. Amai ndi abambo, kawirikawiri 15 kufikira 25, amasonkhana sabata ndi sabata, kuponya masheya, kukongozana pa chiongoladzanja chimene agwirizana okha, ndi kugawana pakutha pa chaka. Njira imeneyi inayambitsidwa ndi bungwe la CARE m'dziko la Niger mu 1991, kenaka inafalikira mu Africa monse. Taganizani: liu limene linayambira pa gome la pamsika, n'kukalowa m'nyumba zazitali zosanja, labwereranso pamphasa ya pakhonde. Ndipo chimene chimaimika banki m'khonde n'chimodzimodzi chimene chinkaimika gome la ku Venice, ndicho kukhulupirika. Msungichuma akadya ndalama za gulu, kapena mamembala akakongola osabweza, gome lathyoka. Gulu limene limakongoza pa chiongoladzanja chopyola muyezo, mpaka kulanda mbale ndi malata a mnzao, lasiya kukhala banki, lasanduka katapila.

TANTHAUZO LACHITATU: NKHOKWE

Popeza banki ndi malo osungira chinthu chamtengo kuti chidzathandize pa tsiku la kusowa, Angerezi anayamba kutcha “bank” malo alionse otere, ngakhale mulibe ndalama. M'chipatala muli “blood bank”, mosungira magazi amene anthu apereka mwaufulu kuti apulumutse mai wotaya magazi pobereka, mwana wodwala malungo aakulu kapena wovulala pangozi. Bungwe loona za magazi m'dziko muno, la Malawi Blood Transfusion Service, linakhazikitsidwa mu 2003, ndipo magazi ambiri limawapeza kwa achinyamata a m'sukulu. Pali anthu amene amaopa akamva dzinali, poganiza kuti kumene kuli banki kuli malonda, ndiye kuti magazi ao akukagulitsidwa. Tanthauzo lake pano ndi nkhokwe chabe.

Palinso “seed bank” kapena “gene bank”, mosungira mbeu zamitundumitundu kuti mtundu wake usatheretu. Ku Chitedze, pafupi ndi Lilongwe, kuli malo otere osungira mbeu zamakolo monga mapira, mchewere, nandolo ndi nzama. Ku Svalbard, kumpoto kwa Norway, anakumba nkhokwe yaikulu m'phiri lozizira, imene inatsegulidwa mu 2008, ndipo maiko ambiri amatumizako mbeu zao. Agogo amene amapachika ngala za mapira pamwamba pa moto kuti utsi uziteteze ku anankafumbwe akuchita ntchito yomweyo, ngakhale sanaitchepo ndi dzina la Chingerezi.

Achinyamata nao ali ndi banki yao m'thumba, kabokosi kosungira moto wa foni kamene amakatcha pawabanki. Ambiri anakadziwa bwino mu 2022, pamene namondwe wa Ana anaononga damu la Kapichira m'mwezi wa Januwale, magetsi nayamba kuzimazima m'dziko lonse kwa nthawi yoposa chaka. Aphunzitsi amanena za “question bank”, mulu wa mafunso a mayeso osungidwa, ndipo a makompyuta amanena za “data bank”. Ponseponse apa mukaika liu lathu lakuti nkhokwe simulakwa.

PAMENE “BANK” ALI MNENI

Kufikira pano taona liuli ngati dzina. Koma Chingerezi chili ndi chizolowezi chotenga dzina ndi kuligwiritsa ntchito ngati mneni popanda kusintha chilembo ngakhale chimodzi. “To bank money” ndi kukasunga ndalama ku banki. “To bank on someone” ndi kudalira munthu ndi mtima wonse, monga umadalira kuti ndalama unasunga udzaipeza. Mkulu wa ntchito akakuuza kuti “don't bank on it”, sakunena za ndalama konse. Akukuchenjeza kuti usaikepo mtima, chinthucho mwina sichichitika. Anthu ambiri ofuna ntchito abwerera kwao ndi chiyembekezo chabodza chifukwa chosamva mau ang'onoang'ono ngati amenewa.

Ndege ikapendekeka pokhota, phiko lina m'mwamba lina pansi, amati “the plane banks”, pakuti yakhala ngati ikuyenda pa chitunda chotsetsereka. Ndipo “to bank a fire” ndi kukwirira makala ndi phulusa kuti moto ugone mpaka m'mawa, monga amai athu amachitira ndi chikuni pamafuwa. Apa matanthauzo awiri akumana, pakuti waunjika chitunda cha phulusa, ndiponso wasunga moto wa mawa.

MTSINJE NDI NDALAMA

N'zodabwitsa kuti mau enanso a ku banki ali ndi mbali ya ku mtsinje. “Current” ndi mphamvu ya madzi oyenda, imene wopalasa bwato amalimbana nayo, ndi mphamvu ya magetsi m'waya, komanso mtundu wa buku la ku banki limene ndalama zimalowa ndi kutuluka nthawi zonse. Muzu wake ndi liu la Chilatini lotanthauza kuthamanga, ndipo “currency”, dzina la ndalama za dziko, linachokera pomwepo, pakuti ndalama imathamanga kuchoka m'dzanja ili kupita m'dzanja ilo. “Deposit” ndi ndalama imene mwasiya ku banki, komanso dothi limene mtsinje umasiya madzi akaphwa. Dothi limeneli likakhala lachonde, ndilo limabereketsa chimanga ndi mbatata za m'madimba. Likakhala mchenga wokhawokha, limakwirira munda. “Branch” ndi nthambi ya mtengo, ya mtsinje ndi ya banki, ndipo pamenepa Chichewa ndi Chingerezi zagwirizana.

M'chigwa chathu muno mabanki awiriwa akumana maso ndi maso. Ngalande yaikulu ya ulimi wothirira ya Shire Valley Transformation Programme, imene inakonzedwa kuti izitenga madzi pa Kapichira ndi kuthirira mahekitala oposa 40,000 m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje, inapeza thandizo la ndalama ku World Bank ndi African Development Bank. Motero mungathe kupeza m'chikalata chimodzi “bank” wopereka ndalama ndi “bank” wa m'mbali mwa ngalande, ndipo wowerenga ayenera kudziwa amene akunenedwa pa mzere uliwonse.

CHICHEWA NACHONSO CHIMATERO

Wina angadandaule kuti Chingerezi n'chinenero chosokoneza. Koma tayang'anani chathu. Mwezi uli kumwamba, ndiponso mwezi uli pa kalendala. Mutu uli pakhosi, mutu uli pamwamba pa nkhani ino, ndipo wodwala amati “ndikumva mutu”. Kumva ndi kwa khutu, kwa lilime polawa mchere, kwa thupi pozizidwa, kwa nzeru pozindikira, ndiponso mwana womvera timati ndi wakumva. Timadya nsima, koma wina amadya ndalama za mpingo, ndipo dzimbiri limadya khasu. Mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika amalembedwa mofanana, timangowasiyanitsa ndi kakwezedwe ka mau. Palibe Mmalawi amene amasokonezeka nazo, chifukwa khutu lake limamva liu pamodzi ndi anzake oyandikana nalo. M'busa David Clement Scott wa ku Blantyre Mission, polemba buku lake lalikulu lomasulira mau a Chimang'anja limene linasindikizidwa mu 1892, anakumana ndi vuto lomweli kuchokera kutsidya linalo: liu limodzi la kuno linkafuna mau ambiri a Chingerezi kuti limveke.

Chimene timachita mosaganiza m'Chichewa tiyenera kuchiphunzira mwadala m'Chingerezi. Kuyambira 1968 Chichewa ndi Chingerezi zakhala zinenero ziwiri zoyendetsera dziko lino, ndipo wophunzira amene walephera Chingerezi salandira setifiketi ya MSCE ngakhale akhoze maphunziro ena. Makalata a ngongole, malangizo a pa botolo la mankhwala ndi machenjezo ambiri a zanyengo amabwera m'chinenero chimenechi. Tsono kwa inu anyamata ndi atsikana tili ndi malangizo anai.

Choyamba, musamasulire liu palokha. Werengani chiganizo chonse, muone anzake. Pamene pali mtsinje, madzi, bwato kapena mvula, “bank” ndi gombe. Pamene pali ngongole, cheke kapena chiongoladzanja, ndi banki ya ndalama.

Chachiwiri, dzifunseni ngati liulo ndi dzina kapena mneni, ndipo penyetsetsani timau tating'ono totsatira, monga “on”, pakuti timeneti timasintha tanthauzo lonse.

Chachitatu, mukatsegula dikishonale musaime pa tanthauzo loyamba. Matanthauzo amaikidwa ndi manambala, 1, 2, 3, mpaka pansi. Werengani onse, ndipo musankhe limene likukwana m'chiganizo chanu. Mau aafupi odziwika, monga “run”, “set”, “take” ndi “get”, ndiwo ali ndi matanthauzo ochuluka koposa, ndipo ndiwo amagwetsa ophunzira chifukwa aliyense amayesa kuti anawadziwa kale.

Chachinai, ngati tanthauzo limene mwapeza likumveka lachilendo, monga mtsinje kuswa nyumba ya ndalama, imani ndi kufunsa. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Makamaka pa pepala lofuna siginecha kapena chidindo cha chala, musachite manyazi kupempha kuti akumasulireni mzere uliwonse m'Chichewa kapena m'Chisena.

Kwa inu makolo, musaganize kuti popeza simunapite patali ndi sukulu mulibe gawo pa nkhaniyi. Mwana amene amadziwa kusiyanitsa gombe, dooko ndi dambo m'chinenero cha amake ali ndi pokoleka mau achilendo akafika. Muuzeni maina a mitsinje, a mbeu ndi a zipangizo za pakhomo. Mukamva wamasulira chinthu, mufunseni kuti, “Kodi liu limeneli lilibe tanthauzo lina?” Funso lokhalo likhoza kumphunzitsa kuganiza kawiri.

TIBWERERE PAKHONDE PAJA

Anthu a m'chigwa cha Shire aona magombe akusweka kambirimbiri: mu Januwale 2015, pamene anthu oposa 200,000 m'dziko muno anasowa pokhala, mu Malichi 2019, mu Januwale 2022, ndi mu Malichi 2023 pa namondwe wa Freddy. Mitsinje ya Mwanza ndi Nkombedzi wa Fodya, imene anthu a kwa Lundu amaidziwa bwino, yadzaza mchenga wochokera kumapiri kumene mitengo inadulidwa, kotero kuti madzi akabwera alibe poyenda. Ndipo ife eni ake tikalima mpaka m'mphepete mwenimweni, n'kuzula bango ndi nsenjere zimene mizu yake imagwira dothi, tikufooketsa gombe ndi manja athu. Madzi saiwala khwawa.

Gombe limasunga madzi m'njira yao, banki imasunga chuma cha banja, nkhokwe imasunga mbeu ndi magazi. Zonsezi zimalimba ngati anthu aikamo kanthu nthawi ya mtendere. Wobzala nsungwi, bango kapena udzu wa vetiva m'mbali mwa mtsinje akusunga, monganso mai woponya sheya yake Lachinai lililonse, monganso mnyamata wopereka magazi kusukulu. Ndipo mwana amene lero waphunzira tanthauzo lachiwiri ndi lachitatu la liu limene ankayesa kuti analidziwa, nayenso wasunga.

Mvula ya chaka chamawa ikadzafika, wailesi idzalankhulanso. Tifuna kuti pa tsiku limenelo mdzukulu adzatembenuke ndi kunena kuti, “Agogo, akuti madzi apyola m'magombe. Tiyeni timasule mbuzi, tidzutse ana, tipite kumtunda.”